Ndani Akutsuka Bakuli la Bambo?

1. Kope la adokotala

Panyumbapo aliyense ankamutchula kuti Nesi, ngakhale mtsikanayo anali asanagwirepo jakisoni chibadwire. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndipo ankaphunzira kusekondale. Dzinali linamugwera tsiku limene anaperekeza bambo ake kuchipatala n'kubwerako atanyamula kope.

Bambo ake anali dalaivala wa basi yaikulu ya mumzinda. Zaka makumi awiri zokhala pampando zinawapatsa mimba yoti chiwongolero chinkaikhula akamakhota. Eni akewo ankaisisita n'kumati ndi umboni woti kunyumba amasamalidwa. Koma mutu utayamba kuwawawa m'mawa uliwonse, adokotala anawakweza pasikelo, nawayeza magazi pamkono, kenako anavula magalasi.

"Bambo, ndilankhula mosapsatira pamaso pa mwana wanuyu," anatero adokotalawo, mayi wachikulire wa imvi mbuu. "Magazi anu akuthamanga kwambiri, ndipo thupi lakula kuposa mphamvu ya mtima wanu. Makilogalamu 104 amenewa ndi katundu. Sindikuti muzigona ndi njala, ayi. Njala imangokwiyitsa munthu, mawa lake n'kudya kawiri. Ndikuti muchepetse zokazinga. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zija muzisiye, muzimwa madzi. Mu tiyi muzithira shuga supuni imodzi, osati zinayi. Theka la mbale likhale masamba, mbali ina nyemba kapena nsomba, ndipo mpunga usapose chibakera chanu. Njala ikakuvutani pakati pa tsiku, idyani chipatso. Pakatha miyezi itatu kampani yanu idzayeza madalaivala onse. Mukadzapezeka muli chonchi adzakulandani makiyi, ndipo ine sindidzakuikirani kumbuyo, chifukwa mumanyamula ana a eni ake."

Atatero anatembenukira kwa mtsikanayo n'kumupatsa kope la chikuto chobiriwira.

"Iwe uzilemba zimene adya tsiku lililonse. Uzilemba zoona zokhazokha, chifukwa mankhwala awo ndiziwasintha potengera kopeli."

Nesi ntchitoyo anaigwira ndi manja awiri. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankaphika n'kulongedza chakudya cha masana m'bakuli la chivundikiro chofiira. Ankawonjezerapo nthochi imodzi ndi botolo la madzi. Madzulo bambo akangovula nsapato, iye anali atafika kale ndi cholembera.

"Bambo, mwadya?"

"Zonse, Anesi, zonse! Onani nokha bakulilo."

Bakuli linkakhaladi lopanda kanthu, ndipo Nesi ankalemba mokondwa kuti: Adya zonse.

2. Fungo la mandimu

Patatha milungu isanu anabwereranso kuchipatala. Bambo anavula nsapato, lamba ndi wotchi yomwe asanakwere pasikelo, koma sikelo sinawamvere chisoni. Inaloza 106.

Adokotala anawerenga kope lija tsamba ndi tsamba, akusuzumira bambowo pamwamba pa magalasi.

"Ngati kopeli likunena zoona, ndiye kuti m'thupimu muli matenda ena amene sitinawaone. Mubwerenso Lachisanu m'mawa. Ndikapanda kupeza yankho, ndilembera kampani kuti akutsitseni kaye pabasi mpaka titafufuza."

Panjira yobwerera kunyumba Nesi ankangodzifunsa chimene analakwitsa pophika, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake.

Mayi ake a Nesi ankagwira ntchito yochapa kuhotela, moti sopo aliyense ankamudziwa ndi mphuno. Lolemba madzulo anatola bakuli lija patebulo la kukhitchini, nalitembenuza uku ndi uku.

"Nesi, bakuli ili walitsuka ndiwe?"

"Ayi amayi, limabwera lotsuka kale."

"Lotsuka kale? Kuyambira liti?"

"Kuyambira mlungu woyamba womwe uja."

Mayi anakhala pansi pang'onopang'ono. "Bambo ako chikwatiranireni sanatsukepo ngakhale supuni. Kapu amaisiya pomwe amwerapo. Tanunkhiza apa."

Nesi ananunkhiza. Bakulilo linkamveka fungo la mandimu, pomwe sopo wa panyumbapo anali wamtanda wopanda fungo. Ngakhale m'mphepete mwa chivundikiro, mmene iye ankavutika kuchotsa mafuta, munali mowala.

"Awa ndi manja a mzimayi," anatero mayi.

Tsoka lake, azakhali, mlongo wawo wa bambo, anali atabwera kudzacheza mlungu umenewo. Anamva zonse ali pakhomo la khitchini, ndipo iwo nkhani yotere sinkawapitirira.

"Alamu, ine ndinanena tsiku lomwe ndinafika muno. Mwamuna wogwira ntchito mukumudyetsa masamba ngati mbuzi! Achimwene anga ndinakula nawo, ndimawadziwa, amafuna chakudya choti akadya milomo iwale. Inu mwasiyira khitchini kamwana aka ndi kope lake. Kunjaku kuli akazi odziwa kukazinga, alamu, ndipo sagona. Mwamuna amatsata fungo la mafuta. Lero akumutsukira bakuli, mawa amuchapira malaya, mkuja mudzangomva kuti katundu wanyamulidwa. Ndiponso mukufuna aonde kuti anthu aziti chiyani? Kwathu kulibe munthu woonda. Mukapitiriza zimenezi mudzandikumbuka."

Tsiku limenelo mayi anapereka chakudya kwa amuna awo osawayang'ana kumaso, ndipo bambo atatuluka kukasamba, Nesi anaona mayi ake akununkhiza kolala ya yunifolomu yawo. Zinamuwawa kwambiri.

3. Nsomba ya Lachitatu

Lachitatu m'mawa Nesi anaika nyemba, kabichi ndi mpunga pang'ono m'bakuli, natseka bambo asanaone. Madzulo anabwera ndi kope lake monga mwa masiku onse.

"Bambo, mwadya?"

"Zonse, Anesi."

"Nanga nsomba ija inali bwanji? Sindinachulutse mchere?"

"Aa, nsomba imeneyo usachite kunena! Ndinatsala pang'ono kutafuna ndi minga yomwe."

Nesi anawayang'anitsitsa. Bambo anali kumwetulira, akukanda mimba, opanda ndi manyazi omwe. Mtsikanayo anatseka kope osalembamo kanthu.

Mayi anali pafupi akusita, ndipo anali ataona nyembazo zikulongedzedwa m'mawa. Simbi inaima pamalo amodzi mpaka nsalu inayamba kununkha.

"Mawa ndikupempha tchuthi kuntchito," ananong'ona kukhitchini. "Ndikamuone ameneyo."

"Amayi, musapite. Mukafika muli ndi mkwiyo, anthu akaonerera. Mawa tiweruka masana chifukwa aphunzitsi ali ndi msonkhano. Ndipita ndine."

"Chimene ukapeze undiuze, usandibisire. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

4. Kuseri kwa galaja

Lachinayi masana Nesi anafika kudepoti ya mabasi atavala yunifolomu ya sukulu, chikwama kumsana. Pamalopo pankanunkha dizilo ndi matayala otentha. Basi ya bambo ake inali itaima pamzere wachitatu, chitseko chotseka. Mlonda wa pageti anamulozera kuseri kwa galaja, kumene kunali kantini ya madalaivala.

Sanalowe. Anazungulira n'kusuzumira pazenera la waya.

Madalaivala asanu ndi mmodzi anali atazungulira tebulo lalitali. Pakati pawo panali bambo ake, malaya atamasula mabatani awiri. Patsogolo pawo panali mulu wa tchipisi, ntchafu ziwiri za nkhuku yokazinga ndi mabotolo awiri a chakumwa chotsekemera, limodzi lotha kale. Ankadya mothamanga, thukuta lili kamukamu.

Nesi anayang'ana uku ndi uku kufuna mkazi uja. Patebulopo panalibe mkazi aliyense. Kenako maso ake anagwera kuseri kwa kauntala. Pampando wapulasitiki panakhala mayi wina wamsinkhu woposa mayi ake, epuloni m'chiuno. Pamiyendo pawo panali bakuli la chivundikiro chofiira, ndipo ankadya masamba a Nesi modekha ngati munthu ali kutchalitchi. Diresi lawo linali lalikulu moonekeratu, moti m'chiuno analigwiriza ndi mapini awiri.

Mayiwo anakweza maso. "Iwe mwana wa pazenerawe, ukufuna ndani? Lowa, kuno sitiluma."

Nesi analowa. Bambo atamuona, tchipisi inawaima pakhosi. Anatsokomola mpaka mnzawo wina anawamenya pamsana.

"Bakulilo ndi la bambo anga," anatero Nesi.

"Ndiwe wophika uja?" Mayi a pakantini anadzuka nkhope ili ngwee. "Mwanawe, bwera ndikugwire dzanja! Taona diresi ili. Mwezi watha linkandithina, lero ndikuchita kulimanga ndi mapini. Makilogalamu anayi apita! Maondo anga ankalira ndikamakwera masitepe, pano ndimakwera ndikuyimba. Botolo lako la madzi lija ndi limene linandisiyitsa zotsekemera. Ine ndimaphikira anthu tsiku lonse, koma nthawi yodziphikira zoyenera ndinalibe. Bambo akowa anandipulumutsa."

"Anakuuzani kuti chiyani pokupatsani?"

"Anati mwana wawo akuphunzira zophikaphika kusukulu, ndiye amawayeserera iwo, koma sakhuta nazo. Tinagwirizana kuti tizisinthana, iwo mbale yanga, ine bakuli lawo. Ndikatha ndimalitsuka bwinobwino. Sindingabweze chiwiya cha mwini chili chakuda, sindinaleredwe choncho."

"Si za kusukulu ayi," anatero Nesi. "Ndi za kuchipatala. Magazi awo akuthamanga. Mawa adokotala akufuna kulembera kampani kuti awatsitse pabasi."

Madalaivala aja anayamba kuyang'ana m'mbale zawo. Mayi a pakantini anaika bakuli pakauntala, napukuta manja, kenako anayenda mpaka pamene panakhala bambowo.

"Achimwene, mwandigwiritsa ntchito yonyansa. Mwandidyetsa mankhwala anu milungu isanu, ine n'kumakuthokozani! Ndaphikira madalaivala pano zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ndaona zambiri. Mukumukumbuka mkulu uja ankakhala pakona apo, wa mabotolo atatu pa chakudya chimodzi? Tonse tinkamuchemerera kuti ndi mwamuna. Tsiku lina anatsika basi, mwendo n'kukana. Lero amadyetsedwa ndi mkazi wake, supuni sangaigwire. Mwa anzake onse ankaseka naye patebulo ili, ndi angati amapita kukamuona? Inu muli ndi mwana wodzuka m'mamawa kukuphikirani asanapite kusukulu. Ena ana awo sadziwa ndi pomwe pamakhala machesi. Ndipo inu nonse mwakhala apanu, musandiyang'ane ngati simukumva. Thupi limasunga zonse zimene mumalipatsa, botolo lililonse, supuni iliyonse. Kuyambira lero bambo awa ndikawagulitsa chokazinga, mundidule dzanja."

Anachotsa mbale ya tchipisi ija ndi botolo lotsalalo, n'kuika bakuli patsogolo pa mwini wake. Munali mutatsala theka.

5. Pempho la bambo

Bambo anamuperekeza Nesi mpaka pageti. Ankayenda akuyang'ana pansi, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, tsiku loyamba ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Nditangotsegula bakuli patebulo paja, wina anakuwa kuti kwabwera mwana wa kusukulu ya mkaka. Wina anandifunsa ngati ndabweretsanso thewera. Pano timapuma mphindi makumi awiri zokha, ndipo tonse timadyera pamodzi. Munthu wamkulu ngati ine kusanduka choseketsa, zinandikanika."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unkasangalala kwambiri polemba muja. Ndinasowa poyambira." Anaima n'kumugwira paphewa. "Tamvera, Anesi. Amayi ako usawauze, ndipo azakhali ako ndiye asamve n'komwe. Lero ukalembe monga mwa masiku onse. Mawa kuchipatala tikangoti sitikudziwa chimene chikuchitika. Kuyambira Lolemba ndisintha, ndikulonjeza."

"Bambo, mukudziwa zimene amayi akuganiza? Akuti bakuli akukutsukirani ndi mkazi wina. Lolemba ankanunkhiza malaya anu."

Bambo anachotsa dzanja lawo paphewa pake.

"Adokotala nawo akufufuza matenda amene kulibe. Onse awiriwa asokera chifukwa cha zimene ndinalemba ine ndi dzanja langa. Sindilembanso bodza, bambo. Madzulo mukawauze nokha amayi. Mukapanda kutero, kope likanena."

"Ukundiopseza ine bambo ako?"

"Ayi bambo. Ndikuopa kudzakudyetsani ndi supuni."

Ananena zimenezi akulira, ndipo sanadikire yankho. Anatuluka pageti n'kukakwera basi ya dalaivala wina.

6. Supuni imodzi

Atafika kunyumba, mayi anamuchingamira pakhomo.

"Wamuona?"

"Ndamuona, amayi. Si zimene mukuganiza. Koma dikirani eni ake anene okha. Akakanika, ndikuuzani zonse lero lomwe."

Nesi anakhala patebulo ndi rula ndi cholembera chofiira. Tsamba ndi tsamba ankadula mawu aja akuti "Adya zonse", pambali pake n'kulemba kuti: Sanadye, anadya zokazinga ndi zotsekemera. Anadula malo makumi atatu, dzanja mpaka kuwawa.

Bambo anafika dzuwa likulowa. Anaika bakuli patebulo, ndipo kwa nthawi yoyamba linali losatsuka, kabichi atamatirira m'mbali. Anaona kope lili chitsegukire, lofiira paliponse. Anakhala pansi osavula nsapato n'kufotokoza zonse, kuyambira nkhani ya sukulu ya mkaka mpaka mapini a mayi a pakantini.

Mayi anamvetsera atapinda manja. Bambo atamaliza, mayiwo anaseka pang'ono, kenako misozi inatsika.

"Ndiye kuti mwana wanga wakhala akudzuka m'mamawa kuchepetsa thupi la munthu wina? Ine masiku anayi osadya bwino, kuganiza kuti banja latha, pomwe mkazi mnzanga ndi tchipisi! Bambo a Nesi, mukanakhala ndi chibwenzi ndikanadziwa wolimbana naye. Nanga apa ndimenyane ndi chiwaya?"

"Ine ndinanena kuti nkhani yake ndi ya mafuta," anatero azakhali.

"Munanenanso kuti kwanu kulibe munthu woonda, alamu. Nanga bambo anu anapita ndi chiyani ali ndi zaka makumi asanu?"

Azakhali anakumbukira mwadzidzidzi kuti anayanika zovala panja.

Mayi anabweretsa tiyi n'kuika shuga pakati pa tebulo, dala. Onse awiri, mayi ndi mwana, anayang'ana dzanja la bambo. Anatapa supuni imodzi n'kuthira. Dzanja linabwereranso lokha mwachizolowezi, koma linaima m'njira. Anakankhira shugayo kutali, namwa tiyiyo atakwinya nkhope.

"Lembani, Anesi. Supuni imodzi."

Nesi analemba, ndipo mtima wake unakhala m'malo. Mawa adokotala aona kuti matenda obisika kulibe, kalata ya ku kampani siilembedwa, ndipo miyezi iwiri yotsalayo ikwana kuyambiranso.

Mayi anatola makapu kupita nawo kukhitchini. Madzi atayamba kumveka pampopi, bambo anasendeza mpando wawo kufupi ndi mwana wawo n'kutsitsa mawu.

"Popeza lero ndi tsiku lonena zoona, pali china. Lolemba lapitali ndinaima pamaloboti, basi itadzaza mpaka pakhomo. Mwadzidzidzi m'maso munachita mdima. Sindinaone msewu, sindinaone chiwongolero. Ndinadzidzimuka galimoto za kumbuyo zikuliza hutala, phazi langa litachoka pabuleki, basi ikuyenda yokha pang'onopang'ono."

"Mwauza ndani?"

"Iwe wekha. Adokotala aja akangomva, makiyi apita mawa lomwe, ndipo nyumba ino imadya kuchokera pampando umene uja." Anaika dzanja lawo lalikulu pamwamba pa kope. "Za tchipisi lemba mmene ungafunire, mwana wanga. Koma izi zokha usalembe."

"Nesi!" anaitana mayi kukhitchini. "Kopelo ukamaliza uliike m'chikwama changa. Mawa kuchipatala tipita tonse atatu."

Bambo anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Nesi anabweza masamba mpaka pa tsiku Lolemba. Pansi pa mzere wofiira panali patatsala malo okwana mizere iwiri, ndipo cholembera chinali chikadali m'manja mwake.